Mufufuze Kumene Anagona Amene Anapita ku Keyala

Adzukulu anga, inu a kwa Maganga, kwa Pemba, kwa Bibi Kuluunda, kwa Makanjira, kwa Ndindi, ndi nonse amene mumagona mukumva mafunde kuyambira ku Chipoka kukafika ku Chikombe, senderani kuno mundimvere. Pafupifupi mbumba iliyonse ya kunyanja kuno ili ndi munthu amene mbiri yake yonse inatsala m'mawu awa okha: anapita ku nkhondo. Mukafunsa kuti nkhondo yake iti, ananyamuka chaka chanji, anali m'gulu liti, anafera kuti, nanga anagona m'dothi la dziko liti, akuluakulu amangoyang'anana, wina n'kuti, "Zimenezo ankadziwa ndi malemu agogo." Ntchito yofufuza munthu ameneyu ndikuitula m'manja mwanu, ndipo muiyambe msanga, pakuti amene anamuona ndi maso atsala owerengeka.

Mukudziwa mmene timasungira maliro kwathu kuno. Munthu akatisiya, uthenga umapita kwa amfumu, abale amasonkhana, timagona pasiwa, mwini mbumba amaimirira n'kufotokoza mbiri ya malemu: anabadwira kwakuti, anakwatira kwakuti, wasiya ana angati, wadwala chiyani. Pakapita nthawi Akhristu amamanga chiliza, Asilamu amachita sadaka, ena amafulula mowa wa chikumbutso. Anyamata amene anatengedwa kupita ku nkhondo za azungu n'kutsirizikira komweko sanalandire chilichonse cha zimenezi. Kwa ena kunabwera mesenjala wa kwa DC ndi kalata. Kwa ambiri sikunabwere kanthu, amayi awo anangokalamba akusuzumira kunjira. Boma la atsamunda linawalemba ngati manambala. Kuwabwezera dzina, mudzi ndi mbiri ndi mlandu wa ife eni ake, ndipo paja mlandu suwola.

Muyambe mwazindikira kuti nkhondo zinali zingapo, chifukwa kumudzi timazisakaniza. Ya 1914 mpaka 1918 makolo athu ankaitcha nkhondo ya Chiwaya. Kuno kwathu inayambira panyanja yomweyi: pa 13 Ogasiti 1914 sitima ya boma ya Guendolen inakaombera sitima ya Ajeremani ya Hermann von Wissmann padoko la Sphinxhaven, lomwe lero ndi Liuli ku Tanzania, ndipo pa 9 Sepitembala chaka chomwecho zida zinalira pa Karonga. Kuchokera apo asilikali a King's African Rifles, amene timangoti a Keyala, anathamangitsana ndi gulu la Ajeremani la Von Lettow-Vorbeck m'nkhalango za ku Tanzania, ku Mozambique mpaka ku Zambia, kumene Ajeremaniwo anakatula zida pa Abercorn, Mbala ya lero, pa 25 Novembala 1918. Dziko la Nyasaland linapereka asilikali pafupifupi 19,000, pomwe olembedwa ntchito ya mtengatenga anafika pafupifupi 200,000, m'dziko la anthu ongopitirira miliyoni imodzi. Amtengatengawa ankasenza ufa, mpunga, zipolopolo ndi mahema pamutu, mtunda wa masabata ambiri, ali ndi njala, ndipo kamwazi, chibayo ndi malungo zinapha ambiri kuposa mfuti.

Nkhondo yachiwiri, ya 1939 mpaka 1945, inatenga amuna a dziko lino pafupifupi 27,000, ndipo inawafikitsa kutali kwambiri. Mu 1940 anamenyana ndi Mataliyana pa Moyale, m'malire a Kenya ndi Ethiopia, n'chifukwa chake kampu ya asilikali ya ku Mzuzu ili ndi dzina limenelo. Chaka chomwecho ena anali pa Tug Argan ku Somaliland. Mu 1941 analowa mu Ethiopia, mu 1942 anaoloka nyanja ya mchere kupita ku Madagascar, kenako ena anapita ku Ceylon ndi ku India mpaka ku Burma, kumene mu 1944 anatsika chigwa cha Kabaw mvula ikukhuthuka, matope ali m'maondo, kulondola Ajapani mpaka kumtsinje wa Chindwin. Nkhondoyo itatha, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1950 a Keyala ena anatumizidwanso ku Malaya. Mukadziwa nkhondo imene m'bale wanu anapitako, mwadziwa dziko lokafufuzako, ndipo simudzataya nthawi kufuna munthu wa Chiwaya m'manda a ku Burma.

Inu ana a masiku ano chilichonse mumathamangira pa foni. Nkhani iyi muiyambire pamphasa. Pitani kwa agogo aakazi, kwa azakhali, kwa nkhalamba ija imene anthu amati yasokonekera mutu chifukwa imangokamba zakale. Amayi ndi amene amasunga maina, pakuti ndiwo ankatsala ndi ana, ndiwo ankalira. Musapite chimanjamanja, tengani kasopo kapena kashuga. Musafike n'kuwaloza ndi foni kumaso ngati apolisi. Perekani moni, chezani, thandizani kutongola chimanga ngati akutongola, kenako pemphani kuti mawu awo muwajambule kuti adzamve ndi ana anu. Safunsa anadya phula, komanso wofunsa mwaphuma amabwerako ndi mayankho a phuma.

Musawafunse chaka, chifukwa iwo zaka amawerengera zochitika. Afunseni kuti pamene ankanyamuka, njanji inali itafika kale ku Salima? Inafika mu 1935, choncho yankho lawo likusiyanitsirani nkhondo ziwirizi. Afunseni ngati zinachitika usanagwe mliri wa fuluwenza wa 1918, kapena isanafike njala ya 1949. Mfumu ya mudzi inali yani? Anakwerera sitima ya pamadzi ku Domira Bay, lomwe linali doko lalikulu la dera lino, kapena anakwera ya pamtunda ku Chipoka, kapena anayenda wapansi kukwera mapiri kupita ku boma la Dowa? Anachita kugwidwa kapena analembetsa yekha? Funso loposa onse ndi ili: anapita ndi yani, ndipo mwa anzakewo anabwerako ndani? Kawirikawiri uthenga wa imfa unkabwera ndi mnzake wa mudzi woyandikana, ndipo zidzukulu za mnzakeyo zikhoza kukhala zikusunga nkhani imene mbumba yanu inaiwala. Kayendereninso akuluakulu a mganda ndi a beni. Magule amenewa anatengera perete wa asilikali, ndipo nkhalamba zake zimadziwa amene anabwera ndi mayendedwe amenewo m'mudzi.

Tsopano za dzina, pamene ambiri amagwera mphwayi. Mwamuna wa nthawi imeneyo ankakhala ndi maina angapo: la paubwana, la kudambwe kapena la kujando, la ubatizo kapena lachisilamu, ndi lina lodzipatsa yekha popita kukalembetsa, makamaka ngati ankathawa msonkho kapena ankabisira makolo. Kalaliki wa asilikali ankalemba dzina la munthuyo n'kutsatiza dzina la bambo ake. Ife a chikamwini timadziwa bwino za kuchikazi, koma bambo anali mkamwini wochokera kwina, ndipo dzina lake ndi limene limayamba kuiwalika. Choncho limbikirani kufunsa dzina la bambo wa msilikaliyo ndi mudzi umene anachokera. Mukumbukirenso kuti olembawo ankalemba mmene khutu lawo lamvera. Saidi akhoza kulembedwa Sayidi kapena Seidi, pamene pali l pakhoza kukhala r, dzina limodzi likhoza kudulidwa pawiri. Lembani kalembedwe kalikonse kamene mungaganize. Ndipo musadabwe mukapanda kuona mawu akuti Salima. Masiku amenewo dera lino silinali boma palokha, mbali yaikulu inali pansi pa Dowa, ndiye pepala likhoza kunena Dowa, Kota Kota kapena Dedza, n'kutchula dzina la mfumu. Momwemonso Fort Johnston ndi Mangochi, Fort Jameson ndi Chipata, Abyssinia ndi Ethiopia, Ceylon ndi Sri Lanka.

Mukatha kufunsa, pemphani kuona katundu. M'nyumba zambiri muli sutikesi yachitsulo yosatsegulidwa zaka zambiri. Mmenemo mukhoza kupeza mendulo, kabuku kolandirira malipiro, chikalata chotulukira usilikali, chithunzi, lamba, kapena kalata yolembedwa m'Chinyanja, chomwe chinali chilankhulo cha asilikali a Keyala a dziko lino. Mamendulo a nkhondo ya Chiwaya muwayang'ane m'mphepete kapena kumbuyo, chifukwa anazokotapo dzina, nambala ndi gulu la mwini wake. A nkhondo yachiwiri ambiri alibe dzina, komabe amalankhula: nyenyezi yolembedwa Africa Star ikuuzani kuti anamenya nkhondo kuno ku Africa, monga ku Ethiopia kapena ku Somaliland, ya Burma Star ikuuzani kuti anafika ku Burma. Chimene mukufuna koposa ndi nambala ya usilikali. Manambala ambiri a asilikali a ku Nyasaland a nkhondo yachiwiri amayamba ndi zilembo DN. Nambalayo ili ngati chingwe cha khoka: mukachigwira n'kukoka modekha, zonse zili m'madzimo zimafika kumtunda. A Saidi ndi ambiri, koma nambala ndi ya munthu mmodzi.

Zinthu zimenezi muzisamale. Musakweche mendulo ndi mchenga kapena phulusa kuti iwale, mungafufute zilembo. Mapepala muwajambule mbali zonse, muwasunge pouma, kutali ndi chiswe. Kukabwera munthu wofuna kugula, kaya atchule ndalama zingati, mukane. Ndalamazo zidzatha pa sabata imodzi, koma umboni wa mbumba ukachoka wachokeratu.

Kwathu ife tinali nawo awiri. Mmodzi anali mlongo wa agogo anga obala mayi, amene anagwidwa usiku pamodzi ndi anyamata anzake n'kupita nawo ku mtengatenga nthawi ya Chiwaya. Wina anali atsibweni anga, amene analembetsa okha ku Keyala nkhondo yachiwiri ili mkati. Zaka zonse anthu ankanong'ona kuti atsibweniwo anatchona, anakwatira kwina n'kuiwala kwawo. Kalata imodzi imene analembera mlongo wawo, mayi anga, inali ndi nambala pamwamba. Nambalayo ndi imene inatifikitsa pa dzina lolembedwa mokhota, pa tsiku la imfa mu 1944, ndi pa khoma la ku Burma pamene dzinalo linazokotedwa. Mayi anga anali akadali moyo. Atamva anakhala chete nthawi yaitali, kenako anati, "Ndiye kuti mlongo wanga sanatitaye. Anamwalira." Tsiku limenelo anamulira ngati wamwalira dzulo, ndipo kuyambira pamenepo ankamutchula mopanda mkwiyo. Phindu la ntchito imene ndikukutumaniyi ndi limeneli: imachotsa bodza pa wakufa, imachotsanso chotupa mumtima mwa wamoyo.

Za kumudzi zikakwana, tulukani. Yambani ndi amfumu ndi a T/A, pakuti mabwalo awo amadziwa mabanja amene anapereka anthu. Kumipingo yakale, monga ku Mua, ku Mvera ndi ku Nkhotakota, kuli mabuku a ubatizo ndi a maukwati amene angakupatseni dzina lenileni ndi la bambo. Kumzikiti funsani mashehe achikulire. Kenako pali bungwe la asilikali opuma la Veterans and Ex-Service League of Malawi, ndiponso Cobbe Barracks ku Zomba, kumene kunali kuchimake kwa Keyala. Ife a ku Salima tili ndi mwayi woti sukulu ya asilikali ya MAFCO ndi kampu ya ku Senga Bay zili pakhomo, ndipo msilikali wachikulire akhoza kukumasulirani zilembo za pa chikalata n'kukulozerani khomo loyenera kugogoda. Ku Zomba komweko kuli National Archives of Malawi, nkhokwe ya mapepala akale a boma, mmene muli makalata a ma DC okhudza kulemba asilikali ndi amtengatenga. Ku London, pamalo otchedwa Kew, kuli mabuku amene gulu lililonse la asilikali linkalembamo zochitika za tsiku ndi tsiku. Maina a anthu akuda sapezekamo kawirikawiri, koma mukadziwa gulu ndi tsiku la imfa, mabukuwo amakuuzani kumene gululo linali ndi chimene chinachitika tsikulo. Muwerengenso buku la Melvin Page lotchedwa The Chiwaya War, lomwe linachokera pa kucheza ndi nkhalamba zimene zinaiona nkhondoyo, zaka za m'ma 1970 zikadali moyo.

Ku maofesi muzipita mutavala bwino, mutalemba papepala limodzi zonse mukudziwa, mutatenga chiphaso chanu. Mwina adzakuuzani kuti mubwere mawa, mwina fayilo siipezeka tsiku lomwelo. Musapse mtima, musanyoze munthu, ndipo musapereke chiphuphu. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Apa tsopano foni yanu igwire ntchito. Pali bungwe lotchedwa Commonwealth War Graves Commission, lomwe linakhazikitsidwa mu 1917 ndipo limasamala manda a onse ofera pa nkhondo ziwirizi kumbali ya Britain. Tsamba lake la pa intaneti ndi laulere. Mumalembapo dzina kapena nambala, n'kusankha gulu la King's African Rifles, ndipo ngati munthuyo analembedwa limakuonetsani udindo wake, tsiku la imfa, dzina la manda, chigawo, mzere ndi nambala ya manda ake. Likakana koyamba, sinthani kalembedwe, tembenuzani maina, yesani nambala yokha. Ndipo muchenjere: musathamangire kulandira dzina lililonse lofanana ndi lanu chifukwa mtima ukufuna. Nambala, chaka ndi gulu zigwirizane ndi zimene munamva kumudzi. Kulirira pamanda a mwini n'kulakwira mabanja awiri.

Ndikuuzeni zoona kuti ambiri mwa inu, makamaka ofufuza amtengatenga, simudzapeza dzina paliponse. Mlongo wa agogo anga uja sitinamupeze. Cholakwa si chanu. Nkhondo ya Chiwaya itatha, akuluakulu a atsamunda anagamula kuti anthu akuda safunika manda a aliyense payekha, kuti chipilala chimodzi chikwanira onse. N'chifukwa chake ku Dar es Salaam, ku Nairobi ndi ku Mombasa kuli ziboliboli za asilikali ndi amtengatenga zopanda maina, pomwe mzungu aliyense ali ndi mwala wake kapena dzina lake pakhoma. Mu Epulo 2021 bungwe losamala manda lija linavomera poyera kuti anthu osachepera 116,000, mwinanso kufika 350,000, ambiri a iwo a kuno ku Africa, sanakumbukiridwe ndi maina awo, ndipo boma la Britain linapepesa m'nyumba yawo ya malamulo. Bungwelo likufufuzabe maina otayikawo. Choncho zimene mungatole kumudzi, dzina, mudzi, mfumu, chaka, si zanu zokha. Zilembeni bwino n'kuzitumiza, chifukwa pamene pepala la boma linakhala chete, pakamwa pa agogo anu ndi pamene patsala umboni. Ndipo m'mbumba musamachepetse wosenza katundu poyerekeza ndi wonyamula mfuti. Popanda mutu wa mtengatenga, msilikali sakanadya, mfuti sikanalira.

Tifike pa ulendo wa kumanda. Woyamba, umene aliyense wa inu angathe, ndi wa ku Zomba. Pafupi ndi Cobbe Barracks pali nsanja ya njerwa ya chikumbutso cha Keyala, ndipo pamenepo, mosiyana ndi zipilala za maiko ena zija, analembapo maina a asilikali akuda amene anafa pa nkhondo ya Chiwaya. Pitani ndi nthawi yokwanira, muwerenge mzere ndi mzere, chala chili pa dzina. Poti ndi dera la asilikali, pemphani chilolezo musanajambule. Ku Karonga kuli manda a nkhondo a ophedwa mu 1914, ndipo ku Mangochi, ku Zomba ndi ku Blantyre kulinso manda a nkhondo osamalidwa ndi bungwe lija. Ku Lilongwe, ku Area 18, kuli nsanja ina ya chikumbutso. Lamulungu lachiwiri la Novembala chaka chilichonse dziko limakumbukira ofera ku nkhondo, atsogoleri amaika nkhata, anthu amakhala chete nthawi ikakwana 11 koloko. Mukapezekepo, ndipo pamene onse ali chete, inu mutchule mumtima dzina la wanu.

Manda ena ali kutali. Ofera ku Kenya ambiri ali ku Nairobi War Cemetery, mmene mulinso khoma la maina a amene manda awo sadziwika. Ena ali ku Addis Ababa, ena ku Hargeisa, ena ku Diego Suarez, komwe lero amati Antsiranana, kumpoto kwa Madagascar. A ku Burma ambiri anasonkhanitsidwa ku Taukkyan, kunja kwa mzinda wa Yangon, kumene kuli manda oposa 6,000 ndi zipilala za Rangoon Memorial zokhala ndi maina pafupifupi 27,000 a anthu amene mitembo yawo sinapezeke. Dzikolo, lomwe tsopano ndi Myanmar, lakhala pa chipwirikiti kuyambira pamene asilikali analanda boma mu 2021, choncho musaike moyo pachiswe. Wakufa safuna kuti mumutsatire msanga. Ku Nairobi ndi ku Dar es Salaam ndiye kofikika, ena a inu mumapitako kale kukaoda katundu. Patulani tsiku limodzi pa ulendo wa malondawo.

Ulendo wotere musaupange mobisa kapena mwa inu nokha. Uzani mwini mbumba, uzani amfumu, monga mmene timachitira kuti sitilowa kumanda popanda chilolezo. Ngati ndalama zikuvuta, sonkherani n'kutuma mmodzi kapena awiri m'dzina la onse, pakuti mutu umodzi susenza denga. Ngati mwana kapena mlongo wa malemuyo akadali moyo ndipo angathe kuyenda, ameneyo ndiye woyamba kuganiziridwa, ngakhale sadziwa Chingerezi. Inu mukhale omuperekeza. Musananyamuke lembani chigawo, mzere ndi nambala ya manda, chifukwa miyala yake ndi yofanana yonse. Pamanda akuluakulu pamakhala kabokosi pachipata, mmene muli kaundula wa ogona mmenemo ndi buku losainamo alendo. Pamwala mudzaona chizindikiro cha lipenga cha Keyala, nambala, udindo, dzina ndi tsiku la imfa.

Mukafika pamwalapo musayambe ndi kujambula. Vulani chipewa, khalani pansi kapena gwadani monga mukanachitira pamaso pake. Dzitchuleni kuti ndinu yani, mwana wa yani, wochokera mudzi uti. Muuzeni amene anatsala, amene anamutsatira, ana amene anabadwa iye atapita. Mkhristu apemphere, Msilamu achite dua, wa makolo achite monga mwa mwambo wa kwawo, koma mosaononga malo. Mupereke ulemu kwa ogona pambali pake, amene mwina sanayenderedwepo ndi wachibale chiikidwire. Muthokoze ogwira ntchito yosamala pamalopo. Zithunzi zibwere pomaliza, za mwala wonse ndi zilembo zake zooneka bwino, kuti otsala kumudzi akaone. Za kufukula mafupa kuti abwere kwawo musaziganize, lamulo la manda amenewa ndi loti msilikali agone pamene anaikidwa pamodzi ndi anzake. Mabanja ena amafuna kadothi kochepa ka pamanda kuti akaike kumanda a kumudzi. Ngati mwambo wanu ukutero, pemphani kaye kwa osamala malowo, ndipo mufunsenso malamulo a pachipata cha dziko.

Nanga amene alibe manda, alibe ndi dzina pakhoma? Ife a kunyanja tikudziwa kulira munthu amene madzi sanabweze. Sitinena kuti poti mtembo palibe ndiye maliro palibe. Khalani pansi ndi amfumu ndi akuluakulu a chipembedzo chanu, musankhe tsiku, mbiri yake ifotokozedwe pagulu monga tichitira ndi wina aliyense, ndipo ngati n'kotheka muike mwala wa dzina lake pafupi ndi manda a mayi ake.

Pofotokoza mbiriyo munene zoona zokhazokha. Musamukweze udindo, musamupatse nkhondo zimene sanamenye. Ena anapita mokondwa, kufuna yunifomu, malipiro ndi kuona maiko. Ena anakokedwa ndi chingwe, mafumu ataopsezedwa. Ena anathawa m'njira, ndipo ameneyo musamuchitire manyazi, simukudziwa chimene anaona. John Chilembwe analembera nyuzipepala ya Nyasaland Times mu Novembala 1914 kudandaula kuti amphawi akukafera nkhondo yosakhala yawo, kusiya akazi ndi ana pa umasiye, ndipo patangopita miyezi iwiri a Keyala omwewo anatumidwa kukathana ndi anthu ake.  Mukapeza kuti wanu anali pamalo otere, musang'ambe tsambalo. Mbiri yosankha zokoma zokha siphunzitsa mwana.

Musaiwale amene anabwerako amoyo. Ambiri anafika ali chete, ena akulota zoopsa, ena akumwa mowa mosaleka, ndipo mudzi unkangoti nkhondo inawazunguza mutu. Ndalama yowathokoza inali ya tsankho: nkhondo yachiwiri itatha, msilikali wamba wachizungu ankawerengeredwa mashileni 10 pa mwezi uliwonse umene anatumikira, wakuda mashileni atatu ndi theka. Zimenezi muzidziwe ndipo muzinene mosaopa. Koma ntchito yanuyi musaisandutse yosaka chipukuta misozi. Kukabwera wina wonena kuti mumupatse ndalama kuti akutsegulireni fayilo ya chuma cha agogo anu ku Britain, ameneyo ndi wakuba. Mbumba zambiri zadana chifukwa cha ndalama zongomva.

Zonse mwapeza muzilembe m'buku limodzi, m'Chichewa kapena m'Chiyao chomveka, mutchule amene anakuuzani chilichonse ndi tsiku lake, musiyanitse zimene mwaona papepala ndi zimene mwangomva. Bukulo likhale ndi makope angapo, lina kwa mwini mbumba, lina kwa amene ali kutauni, lina pa foni, chifukwa nyumba zimapsa ndipo madzi osefukira tawaona kuno. Muzikaliwerenga pamene abale asonkhana, ana ali pomwepo.

Ndipo luso limeneli lisathere pa akale okha. Pakati pathu pali amene analondera njanji ya ku Nacala nthawi ya nkhondo ya ku Mozambique, pali amene apita kukasungitsa mtendere ku Congo, kumene mu Novembala 2018 tinataya asilikali asanu ndi mmodzi pafupi ndi Beni. Pali ana athu ali ku Joni amene sitidziwa ngakhale dzina limene akugwirira ntchito. Amenewa afunseni akadali moyo, mulembe nambala zawo, magulu awo, malo amene anafika ndi anzawo amene anali nawo. Mukatero, zidzukulu zanu sizidzavutika monga tavutikira ife. Ine ndanena zanga, kwatsala n'kwa inu. Pitani bwino, ndipo mukapeza kanthu mudzandiuze ndikadali ndi makutu.